Ndani anali ndi mutu m'zingwe, ankhonya akale kapena a lero?

Kabaza wa Kamuzu Road: Akuluakulu mwaswera bwanji. Pano pa siteji takangana kuyambira masana, ndiye ndati nkhaniyi ifike kuno. Ine ndikuti pa nzeru za m'zingwe palibe anafikapo pa Floyd Mayweather chiyambire nkhonya. Ndewu 50, osagonjapo ndi imodzi yomwe. Anamenya Canelo mu 2013, Pacquiao mu 2015, n'kutsika nkhope ili bwinobwino. Akale mumawatamandawa ankangosinthana zibakera mpaka wina agwe. Wotsutsa abwere ndi mfundo.

Che Saidi wa ku Ngodzi: Mayweather ndi wothawa. Nkhonya ndi Tyson basi. Ali ndi zaka 20 zokha analanda lamba kwa Trevor Berbick mu 1986. Michael Spinks anali asanagonjepo, koma anatha pa masekondi 91.

Mayi a Tadala: Che Saidi, funso lili pa nzeru, inu mukuyankha za mphamvu.

Che Saidi wa ku Ngodzi: Mayi, munthu wamfupi ngati Tyson kuti afike pachibwano cha chimunthu chachitali, mikono yake yaitali, mukuganiza amadutsa bwanji? Mutu umayenda uku ndi uku, jabu ya mnzakeyo, chibakera chowongoka cha dzanja lakutsogolo, n'kumangodutsa pamphepo, iye walowa kale m'nthiti. Zimenezo si nzeru?

Asajeni a ku Senga Bay: Pamenepo Che Saidi akunena zoona, ndipo ambiri sachiona chimenechi. Tyson wa 1986 mpaka 1988 sankagundidwa wamba. Cus D'Amato anamuphunzitsa kuika manja pamasaya, kuzemba chibakera akubwera kutsogolo osati akubwerera m'mbuyo, kenako kudumphira pambali kuti amenye kuchokera kumene mnzake sakuyang'ana. Ndayesapo kuphunzitsa ana njira imeneyi, imafuna miyendo ndi chiuno cholimba kwambiri. Koma nkhawa yanga pa Tyson ndi iyi. Zonsezo zinali zoloweza, ndipo ankazichita bwino kochi wake Kevin Rooney ali pakona. Rooney atachotsedwa mu 1988, mutu uja unayamba kuima. Ku Tokyo mu February 1990 Buster Douglas ankamuponyera jabu ziwiri zitatu, dzanja lamanja pamwamba, Tyson akafika pafupi n'kumukumbatira. Kuyambira raundi yoyamba mpaka 10 Tyson sanasinthe kanthu, ankangodikira chibakera chimodzi. Anachipeza mu raundi 8, Douglas anagwa, koma anadzuka. Holyfield mu 1996 anachita zomwezo mwa njira yake, kumukankhira m'mbuyo, poti Tyson sankadziwa kumenya akubwerera.

Che Saidi wa ku Ngodzi: Nthawi imeneyo anali atasokonezeka ndi za kunja, Asajeni. Ndende, ndalama, anthu omuzungulira.

Asajeni a ku Senga Bay: Kwa Holyfield ndikuvomera kuti ndende inamudya zaka. Ku Tokyo anali ndi zaka 23 ndipo anali asanalowe ndende.

Agogo Mbewe, Chipoka: Adzukulu, ndawerenga zonse. Iwe wa Kamuzu Road, mawu akuti akale ankangosinthana zibakera andiwawa, ndiye undimvere bwino. Pa 30 October 1974 ku Kinshasa, Muhammad Ali anali ndi zaka 32, George Foreman 25. Foreman anali atamenya ndewu 40 osagonja, 37 mwa izo adani ake sanamalize. Joe Frazier, amene anagonjetsa Ali mu 1971, Foreman anamugwetsa ka 6 m'maraundi awiri ku Kingston. Ken Norton, amene anathyola Ali chibwano mu 1973, sanapitirire raundi yachiwiri ku Caracas. Ife kuno tinali ndi mantha enieni kuti Ali avulazidwa. Aliyense ankadziwa kuti Ali avina, azungulira bwalo, ndipo Foreman anakonzekera zomwezo, kumutsekera njira. Mu raundi yoyamba Ali anayamba ndi dzanja lamanja osatsogoza jabu, chinthu chimene suchita kwa katswiri chifukwa dzanjalo limachokera kutali, limaoneka. Linalowa kangapo ndithu, Foreman n'kupsa mtima. Koma Ali anaona kuti Foreman akumutsekera njira msanga, ndipo kuti akapitiriza kuvina atopa iyeyo poyamba. Mu raundi yachiwiri anapita pazingwe n'kutsamira. Angelo Dundee, mphunzitsi wake, ankakuwa kuti choka pamenepo. Sanachoke. Ankatsamira chagada kuti mutu ukhale kutali, zigongono zitaphimba nthiti, Foreman akayandikira n'kumukoka khosi kuti asenze thupi lonse, uku akumulankhula m'khutu. Ndipo musamve zoti ankangomenyedwa. Kaonereni, raundi iliyonse ankabweza zibakera zowongoka kumaso, makamaka kumapeto kwa raundi 5. Pofika raundi 8 manja a Foreman anali atalemera, Ali anachoka pakona n'kumumaliza. Nzeru imeneyo sanabwere nayo kuchokera kunyumba, anaipeza momwemo, akumenyedwa ndi munthu woopsa kuposa onse pa nthawiyo.

Kabaza wa Kamuzu Road: Agogo pepani ngati ndalankhula mopsetsa mtima. Koma kulola kuti Foreman azikumenya maraundi 7, ineyo sindingakutche nzeru. Mayweather sakanalola.

Asajeni a ku Senga Bay: Apa mnyamatayu ali ndi mbali yake. Mwana aliyense amene ndimamuphunzitsa ndikamuona akutsamira zingwe ndimaimitsa pomwepo. Ali zinamuyendera usiku umenewo, koma anazolowera, ndipo m'zaka zotsatira analandira zibakera zambiri zosafunika, kwa Frazier ku Manila mu 1975, kwa Earnie Shavers mu 1977. Njira inali yolondola kwa Foreman yekha.

Aphunzitsi a ku Khombedza: Ndangofika kumene, ndiloleni ndiikepo langa. Vuto la mtsutso uwu ndi loti tikuwerenga manambala a nthawi zosiyana ngati ndi ofanana. Sugar Ray Robinson anamenya ndewu pafupifupi 200. Mu February 1943 anagonja kwa Jake LaMotta pa 5, anamenya munthu wina pa 19, n'kubwezera LaMotta pa 26, mwezi womwewo. Munthu womenya chotero n'kosatheka kuti asagonjepo. Katswiri wa lero amamenya kawiri pachaka, amakonzekera miyezi iwiri kapena itatu munthu mmodzi, ali ndi mavidiyo a ndewu zake zonse. Ndiye 50 ya Mayweather ndi 200 ya Robinson siziyezedwa pa sikelo imodzi. Chimene tingayerekeze m'mibadwo yonse ndi chimodzi: munthuyu amatani pamene zimene anakonza zakanika? Waona chiyani, ndipo wasintha msanga bwanji? Chimenecho chimaoneka pa filimu ya 1936 chimodzimodzi ndi pa foni ya lero.

Chitsanzo changa ndi Max Schmeling ndi Joe Louis. Mu 1936 Louis anali mnyamata wa zaka 22 wosagonjapo, Schmeling ankaonedwa ngati wotha. Schmeling anakhala pansi kuonera mafilimu a Louis, n'kuona kuti akaponya jabu, dzanja lamanzere limabwerera motsika m'malo mobwerera pachibwano. Ndewu yonse anaimanga pa kampata kameneko. Louis akaponya jabu, iye lamanja pamwamba pake. Anamugwetsa mu raundi 4, n'kumumaliza mu 12. Mu 1938 atakumananso, Louis sanamupatse mpata woti aime n'kumawerenga majabu. Anamuthira moto kuyambira belu loyamba, ndewu inatha pa masekondi 124. Onse awiri anaonetsa mutu, wina pofufuza chilema, wina pozindikira kuti munthu wodikira kubweza umamulanda nthawi.

Mayi a Tadala: Aphunzitsi, ndiye kuti zoonera mavidiyo sizinayambe lero.

Aphunzitsi a ku Khombedza: Ayi mayi, kungoti kale zinali za ochepa. Ambiri ankakumana ndi munthu amene sanamuonepo, n'kumuphunzira momwemo m'maraundi atatu oyamba. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti akale ankawerenga munthu msanga, pamene a lero amabwera atakonzeka bwino kuposa akale.

Kabaza wa Kamuzu Road: Chabwino aphunzitsi, tiyeni tigwiritse muyeso wanu womwewo. Mu 2010 Shane Mosley anamugunda Mayweather ndi lamanja kawiri mu raundi yachiwiri, mawondo anagwedera, dziko lonse linaona. Anagwira mkono wa Mosley mpaka mutu unabwerera. Kuyambira raundi yachitatu ndi iyeyo amene ankapita kutsogolo, ndipo Mosley sanapezenso dzanja lija mpaka ndewu kutha. Mu 2006 Zab Judah, wamanzere komanso wothamanga manja, anamuvutitsa maraundi oyamba. Mayweather anasiya kubisala paphewa, anakweza manja onse awiri, n'kuyamba kumulondola akumenya m'mimba. Judah anafota. Kumeneko si kusintha?

Aphunzitsi a ku Khombedza: Kumeneko ndi kusintha kwenikweni, ndipo pa mfundo ziwirizi Mayweather ali m'gulu la akuluakulu. Ndikukana chabe mawu akuti palibe anafikapo pa iye.

Che Saidi wa ku Ngodzi: Ankasankha anthu. Pacquiao anthu ankamufuna mu 2010, iye anadikira mpaka 2015 munthu ali ndi zaka 36, Marquez atamugoneka kale. Canelo anali mwana wa zaka 23. Ndewu ya nambala 50 anamenya Conor McGregor, munthu amene anali asanamenyepo nkhonya zolipidwa. Ndipo kaonereni ndewu yoyamba ndi Jose Luis Castillo mu 2002, ambiri mpaka lero amati Castillo anapambana.

Kabaza wa Kamuzu Road: Anabwerezana chaka chomwecho mu December, Mayweather anapambana poyera.

Mayi a Tadala: Kusankha nthawi yokumana ndi munthu ndi nzeru ya malonda, tisaisakanize ndi ya m'zingwe. Ine wanga ndi Juan Manuel Marquez. Mu 2004 Pacquiao anamugwetsa katatu mu raundi yoyamba, mphuno ikutuluka magazi. Munthu wina akanathera pomwepo. Iye anakhala pa mpando mphindi imodzi, n'kuzindikira kuti zonse zikuchokera ku dzanja lamanzere lowongoka limene limabwera pambuyo pa jabu. Anayamba kusuntha kuti lamanzerelo lizidutsa, iye n'kumabweza lamanja. Ndewu imene inayamba ndi kugwa katatu inatha osapezeka wopambana. Mu 2008 ndi 2011 majaji anapatsa Pacquiao, movutikira. Mu 2012 anali atadziwa kuti Pacquiao akanamiza ndi jabu amalumphira mkati thupi lonse. Anamudikira pa kulumpha komweko, kutatsala sekondi imodzi kuti raundi 6 ithe. Zaka 8 akuphunzira munthu mmodzi.

Kabaza wa Kamuzu Road: Marquez yemweyo Mayweather anamusewera mu 2009, mayi.

Mayi a Tadala: Marquez anakwera magulu awiri a kulemera kuti akumane naye, ndipo Mayweather anabwera atapitirira sikelo imene anagwirizana, n'kulipira chindapusa. Komanso onse awiri ndi odikira kubweza. Wamng'ono thupi akakakamizidwa kuyamba ndiye, waluza kale.

Mphwanu wa ku Joni: Moni nonse kumudzi. Mukutchula a ku America ndi ku Mexico okhaokha, nanga wathu Isaac Chilemba? Mwana wa ku Blantyre, anakulira nkhonya kuno ku Johannesburg. Mu July 2016 anapita kwawo kwa Sergey Kovalev ku Ekaterinburg, nthawi imene Kovalev anali ndi malamba atatu ndipo ankagwetsa pafupifupi aliyense. Chilemba anagwa mu raundi 7, anadzuka, n'kumaliza maraundi onse 12. Kovalev anaphonya zibakera zambiri usiku umenewo. Mu 2018 anamalizanso 12 ndi Dmitry Bivol, yemwe uja anadzagonjetsa Canelo mu 2022. Ndi Tony Bellew ku Liverpool mu 2013 anafanana mphamvu, kwawo kwa Bellew. Munthu wopanda mutu sangayende m'manja mwa anthu amenewa n'kutuluka ali bwino.

Agogo Mbewe, Chipoka: Mwana ameneyo anatinyadiritsa. Phewa lake ndi jabu yake zinali za sukulu yakale.

Asajeni a ku Senga Bay: Chilemba ndimamulemekeza, ndipo ana anga ndimawaonetsa mmene amabwezera mutu m'mbuyo pang'ono chabe kuti chibakera chithere patsogolo pa mphuno. Koma ndinene chimene chimandipweteka. Ndewu zake zazikulu zimafanana: amachedwa kuyamba, amapereka maraundi atatu kapena anayi oyamba akuwerenga munthu, ndipo akamuwerenga amaponya chimodzichimodzi. Ndi Eleider Alvarez ku Canada mu 2015 jaji mmodzi anati afanana, awiri anapatsa Alvarez. Ndewu imeneyo inali yotheka. Ukamenyera kwa eni ake, uyenera kudziwa kuti raundi yokayikitsa sipita kwa mlendo. Kuwerenga majaji ndi gawo la nzeru za m'zingwe. Sugar Ray Leonard mu 1987 ndi Marvin Hagler ankathira zibakera zambiri kumapeto kwa raundi kuti jaji polemba akumbukire zimenezo. Anthu ena amadana nazo, koma anatenga lamba.

Mphwanu wa ku Joni: Asajeni, munthu wopanda chibakera chogwetsa akaponya zambiri kwa Kovalev amatsegula chibwano. Mwina anawerengera kuti kumaliza ali chiimire n'kwabwino kuposa kugonekedwa.

Asajeni a ku Senga Bay: Kwa Kovalev ndikumva. Kwa Alvarez ndi pa ndewu yobwereza ndi Bellew, ayi. Pamenepo panafunika kuika moyo pachiswe maraundi awiri okha.

Aphunzitsi a ku Khombedza: Koma kuika moyo pachiswe kuli ndi nthawi yake. Billy Conn mu 1941 anali wopepuka kuposa Joe Louis ndi makilo oposa 10. Anamuzungulira maraundi 12, majaji awiri anali naye patsogolo. Mu raundi 12 anamugwedeza Louis, mtima unakwera, mu 13 anaima kuti amugwetse. Anagona ndi iyeyo. Akanangopitiriza zimene ankachita maraundi atatu otsalawo, lamba akanatenga. Ndiye wina analuza chifukwa chosalimba mtima pa nthawi yake, wina chifukwa cholimba mtima pa nthawi yolakwika.

Mayi a Tadala: Ndikumbutseko za atsikana athu. Anisha Basheel mu 2018 anapita ku London n'kumaliza Sam Smith mu raundi yoyamba, kutenga lamba wa Commonwealth. Dzanja analitenga kwa Mulungu. Chaka chotsatira anakumana ndi Chantelle Cameron, amene sanaime pamalo oti dzanjalo limupeze, ndipo Anisha anagonja pa mapointi. Ine ndimaona kuti ana athu mphamvu ali nazo, chimene akusowa ndi anthu osiyanasiyana oyeserera nawo. Ungaphunzire bwanji kuwerenga wamanzere ngati m'boma lonse mulibe wamanzere woti uyeserere naye?

Asajeni a ku Senga Bay: Mayi mwakhudza pabala. Ana anga amadziwana okhaokha, aliyense amadziwa chimene mnzake aponye asanaponye. Akapita ku Lilongwe n'kukumana ndi kaimidwe kachilendo, raundi yoyamba imatha ali odabwa, ndipo nkhonya za achinyamata ndi maraundi atatu basi. Robinson uja aphunzitsi amutchula anaona mitundu yonse ya anthu chifukwa chomenya mwezi ndi mwezi. Maso amakula ndi zimene aona.

Agogo Mbewe, Chipoka: Pa Africa pano musaiwale Azumah Nelson wa ku Ghana. Mu 1982 anamuitana mochedwa kuti akalowe m'malo mwa wina ku New York, ali ndi ndewu 13 zokha, kukakumana ndi Salvador Sanchez. Anafika mpaka raundi 15 asanaimitsidwe. Nthawi imeneyo anali wamphamvu chabe. Azumah amene ndimamukonda ndi wa 1992. Chaka cha 1991 ku Las Vegas Jeff Fenech anamupanikiza pazingwe usiku wonse, majaji anati afanana, koma ambiri anaona kuti Fenech anaberedwa. Azumah anavomera kukabwereza kwawo kwa Fenech ku Melbourne. Anadziwa kuti Fenech abwera molunjika ngati poyamba, ndiye anamutchera lamanja panjira. Fenech anagwa mu raundi yoyamba, ndewu inatha mu 8. Zili ngati pa bawo pansi pa mtengo paja pa depoti: katswiri amakusiyira dzenje kuti udye, iwe n'kukondwa, pamene iye wawerenga kale kumene dzanja lako likathere.

Che Saidi wa ku Ngodzi: Koma agogo, nzeru zimenezi n'za womenyayo kapena za kochi? Chifukwa mwamuchotsera Tyson ponena kuti zinali za D'Amato. Nanga Lennox Lewis? Oliver McCall anamugwetsa mu 1994, ndipo amene anakonza McCall anali Emanuel Steward. Lewis anangotenga Steward yemweyo kukhala kochi wake, ndiye mukuti Lewis ndi wanzeru?

Mphwanu wa ku Joni: Ndipo kuno ku Carnival City mu April 2001 Lewis anafika mochedwa, osazolowera mpweya wa kumtunda kuno, Hasim Rahman n'kumugoneka mu raundi 5, Lewisyo akumwetulira pazingwe.

Asajeni a ku Senga Bay: Funso labwino Che Saidi. Kochi ali ndi mphindi imodzi pakati pa maraundi, ndipo theka lake limapita pa madzi, kupuma ndi kupukuta magazi. Munthu wotopa amamva mawu awiri kapena atatu basi. Ukamuuza zinthu zisanu, satenga ngakhale chimodzi. Kochi amaona kuchokera panja kuti dzanja lakutilakuti likutsika, koma mtunda weniweni, kapumidwe ka mnzako, ngati chibakera chako chamupweteka kapena akunamizira, zimenezo amazimva ali mkatiyo. Steward anamukonza Lewis kaimidwe ndi jabu, zoona. Koma mu November 2001 amene anaona kuti Rahman amatambasula manja onse kutsogolo pofuna kutchinga, n'kuzungulitsa lamanzere kenako lamanja kunja kwa manjawo mu raundi 4, anali Lewis. Anthu awiri amene anamugonjetsa, onse anawabwezera. Tyson sanabwezerepo aliyense amene anamugonjetsa, ndipo kwa Holyfield kachiwiri mu 1997 tonse tikudziwa chimene anachita zitamuvuta.

Che Saidi wa ku Ngodzi: Holyfield ankamugunda ndi mutu, refu osalankhula.

Asajeni a ku Senga Bay: Ankamugunda, inde. Wanzeru akagundidwa ndi mutu amasintha mbali yoika mutu wake, kapena amatsogoza phewa. Saluma khutu.

Aphunzitsi a ku Khombedza: Pa za kochi ndiwonjezere Foreman yemwe uja. Atagonja ku Kinshasa n'kudzasiya nkhonya mu 1977, anakhala zaka 10 osamenya. Atabwerera anali munthu wina: wosathamanga, wosataya mphamvu, jabu yolemera, manja opingasa patsogolo. Mu November 1994, ali ndi zaka 45, anakumana ndi Michael Moorer wa zaka 26. Maraundi 9 Moorer anali patsogolo kwa majaji onse. Foreman ankamukankhira pang'onopang'ono ndi lamanzere kuti aziima kutsogolo kwa dzanja lamanja, ndipo Teddy Atlas, kochi wa Moorer, ankamuchenjeza kuti usaime pamenepo. Moorer anaima. Raundi 10 inatha ndi lamanja lalifupi pachibwano. Moorer anali ndi kochi woona bwino, koma sizinamupulumutse. Foreman wa zaka 25 anali ndi thupi, wa zaka 45 anali ndi mutu, munthu mmodzi yemweyo m'mibadwo iwiri.

Kabaza wa Kamuzu Road: Nanga a lero enieni? Oleksandr Usyk mukumuika pati? Pa siteji ena akuti Ali sakanalimba ndi zimphona za masiku ano.

Asajeni a ku Senga Bay: Usyk ndi amene akuyankha funso limenelo. Msinkhu wake ndi wa Ali, masentimita 191. Ali ku Kinshasa analemera makilo 98, Usyk pokumana ndi Tyson Fury mu May 2024 analemera 101, Fury 119 ndi msinkhu wopitirira mamita awiri. Usyk anagonjetsa Anthony Joshua kawiri, Fury kawiri. Ndiye ukulu wa thupi pawokha sukanamuletsa Ali. Muone chimene Usyk amachita. Ndi wamanzere, phazi lake lakutsogolo limafuna kukhala kunja kwa phazi la mnzake nthawi zonse. Dzanja lakutsogolo silipuma, limagogoda, limanamiza, limaphimba maso. Wamkulu thupi amakakamizidwa kusuntha ndi kuganiza sekondi iliyonse, ndipo pofika raundi 8 watopa m'mutu asanatope m'miyendo. Pa ndewu ya mu May 2024 ija ku Riyadh, Fury anatenga maraundi apakati ndi zibakera zochokera pansi ndi za m'mimba, Usyk anagwedezeka mu raundi 6. Sanathawe, anawonjezera liwiro, n'kumaponya lamanzere m'mimba kuti manja a Fury atsike. Mu raundi 9 lamanzere lomwelo linapita kumutu, Fury anapulumutsidwa ndi zingwe.

Agogo Mbewe, Chipoka: Ameneyo ndimamuvomera. Akanakhala mu 1974 akanavutitsa aliyense. Koma Ali wa 1966, asanamulande lamba chifukwa chokana usilikali, anali ndi miyendo ndi jabu zimene Usyk sanakumanepo nazo.

Mayi a Tadala: Terence Crawford nayenso. Amayamba ndi kaimidwe kena, akaona mmene zilili n'kutembenukira kumanzere. Errol Spence mu 2023 ankadalira jabu, Crawford anamulanda jabu yomweyo n'kumugwetsa nayo mu raundi yachiwiri.

Kabaza wa Kamuzu Road: Ndiye ndifunse molunjika. Mayweather ndi Sugar Ray Leonard, onse ali pachimake, kulemera kofanana. Ndani?

Aphunzitsi a ku Khombedza: Uyambe wanena kuti maraundi angati. Kale ndewu za lamba zinali maraundi 15. Duk Koo Kim atamwalira pambuyo pa ndewu yake ndi Ray Mancini mu November 1982, bungwe la nkhonya la WBC linatsitsa kufika pa 12, ena n'kutsatira m'zaka zomwezo. Maraundi atatu amenewo ankasintha kawerengedwe konse. Leonard ndi Thomas Hearns mu September 1981, ikanakhala ya maraundi 12 Hearns akanapambana, chifukwa anali patsogolo kwa majaji onse atatu. Leonard anamumaliza mu 14.

Asajeni a ku Senga Bay: Pa 12 ndikuona ndewu yovuta kuweruza, mwina Mayweather angabe maraundi okwanira ndi lamanja lake lowongoka. Pa 15 ndikupatsa Leonard. Chifukwa changa si liwiro, onse anali nalo. Leonard anayesedwa ndi anthu amene akanatha kumugonjetsa, ali pachimake, ndipo kwa aliyense anabwera ndi nkhope ina. Mu June 1980 ku Montreal anaima kuti alimbane ndi Roberto Duran chifuwa ndi chifuwa, anagonja. Mu November chaka chomwecho anamuzungulira, osamulola kuyandikira, mpaka Duran anatembenuka n'kusiya yekha mu raundi 8. Mayweather akakumana ndi munthu womupanikiza mosalekeza, monga Castillo ndi Marcos Maidana mu 2014, ankapereka maraundi pazingwe. Leonard ankadziwa kupanikiza, ankadziwanso kuvina, ndipo akaona magazi ankamaliza.

Kabaza wa Kamuzu Road: Ine ndikadali kwa Mayweather pa 12. Koma ya Leonard ndi Hearns sindinaionepo yonse, ndimangoona tizidutswa.

Mayi a Tadala: Inenso. Asajeni, bandulo ndi yochepa, tiyambire pati?

Asajeni a ku Senga Bay: Onerani raundi imodzi mwa zoyambazo kuti muone Hearns akulondola, Leonard akuzungulira. Kenako dumphirani pa 6 ndi 7, pamene Leonard akumupweteka ndi lamanzere n'kulowa m'nthiti. Kuyambira 8 mpaka 12 asinthana ntchito: Hearns, amene ankadziwika ndi kugwetsa anthu, ndi amene akuvina ndi jabu, Leonard akulondola diso lamanzere litatupa. Musadumphe mphindi ya pakona raundi 12 itatha, Dundee akumuuza kuti ndewu ikumupulumuka. Mukatero onerani 13 ndi 14 osaimitsa, ndipo muziyang'ana mapazi a Hearns, osati manja.